Ziphaso za M'chitini

Zaka zisanu ndi zinayi ndagulitsa matemba pa Kamwendo.
M'mawa uliwonse mnyamata wa khonsolo amang'amba chiphaso,
ine n'kumasula mfundo ya chitenje.
Sindinatayepo ngakhale chimodzi.
Zili m'chitini cha mkaka, zomanga ndi mphira,
mwezi pawokha, mwezi pawokha,
zonunkha nsomba.

Koma chimbudzi pamsika palibe.
Tikapanikizika timalowa m'chimanga cha eni.
Akakolola, manyazi amasowa pobisala.

Lozina wanga, wa folomu 3, ndiye anati:
Amayi, lamulo lilipo, kufunsa si kupemphetsa.
Anazula pepala pakati pa kope, nalemba,
ine n'kusayina dzina lonse mokhotakhota,
Esitere Kamlomo.

Minibasi ya ku boma inadya phindu la masiku awiri.
Mlonda anayamba wapatsa moni masilipasi anga,
kenako nkhope.
Mukufuna ndani?
Sindikufuna munthu, achimwene, ndikufuna manambala.

Benchi ya pakhonde ndi yosalala,
anaipala ndi matako a odikira.
Dzuwa linachoka pa bondo kufika paphewa
a Mseteka asanakweze maso.
Wakutumani ndani, mayi? Chipani? Bungwe?
Ndinati chandituma ndi chikhodzodzo changa.
Sanaseke.
Chidindo chinagwa, phi!
Mubwere pakatha masiku khumi ndi asanu.

Ndinabwera. Abwana ali ku msonkhano ku Mponela.
Ndinabweranso. Makiyi apita kumaliro.
Kachitatu magetsi anali atazima,
ndipo ngakhale akanayaka, ati makina alibe inki.
Ndinabwerera ndi fumbi m'mano,
matemba ndinasiyira mnzanga akuuma mitu.
Amuna anga anati zisiye, udzatiitanira mavuto.
Usiku ndinatsegula chitini,
ndinawerenga mpaka tochi inafooka.

Ulendo wachinayi panali mtsikana pa desiki,
zikhadabo zopaka, mawu otsika.
Anayang'ana tsiku la pa chidindo, anayang'ana ine.
Amayi anga amagulitsa tomato ku Mkanda, anatero,
nalowa m'chipinda cha mafayilo.
Anatuluka ndi mapepala atatu
ofunda ngati zitumbuwa zongophula.
Ndi anu awa. Sainani apa kuti mwalandira.

Lozina anawerenga ataimirira pa kreti,
msika wonse utasiya kutsatsa:
Chimbudzi cha msika, zitseko zinayi,
thanki ya madzi, posamba m'manja.
Ntchito inatha chaka chathachi.
Ndalama zonse zinalipidwa.

Tinanyamuka kukachiona,
a kaunjika, a tchipisi, a kabaza akukankha njinga.
Kuseri kwa chigayo tinapeza mulu wa mchenga
pomwe mbuzi zimagona,
njerwa makumi atatu zitamera ndere,
ndi dzenje lofika m'chiuno, lodzaza majumbo.
Gogodani kaye, anakuwa Fulaye wa nyama,
mwina muli munthu!
Tinaseka mpaka misozi.
Kenako kunangoti zii,
mbuzi yokha ikubzikula.

Lero mnyamata uja wabweranso.
Wang'amba, ndalipira, ndaponya m'chitini.
Si iye anadya zitseko zinayi,
nsapato zake ndazionapo pansi.

Mapepala atatu aja ndawakuta m'pulasitiki ya shuga,
ndawakhoma pa nsanamira ya benchi langa.
Ogula amayamba awerenga, kenako n'kufunsa mtengo.
Ena amajambula pa foni.
Wina anandinong'oneza kuti ndichotse,
ndinamuonjezera basera.

Madzulo ano Lozina wazulanso pepala.
Tsopano tikufunsa dzina:
ndani anabwera, naona ndi maso ake,
nasayina kuti chatha?
Ya minibasi asonkha anzanga, aliyense kangachepe.
Kope la mwana likuonda,
ndamuuza kuti Loweruka ndimugulira lina.